Magulu a ciwawa m'makomboni: zimene makolo ndi mipingo tiyenera kudziwa

Pa misonkhano ya akulu a mpingo ndi ya cigwirizano ca amai m'mizinda yathu, nkhani ya ma junkies siilephera kutuluka. Uyu mwana wake analandidwa foni pocokera kusukulu, uyo mwana wake analeka kupita ku kwaya ya madzulo, ndipo pamakhala wina amene angokhala cete cifukwa mwana wake ndiye amene enawo akudandaula naye. Tasonkhanitsa pano zimene zidziwika za magulu amenewa, zimene lamulo la dziko lino linena, ndi kumene banja lingapite zinthu zikavuta.

Dzinali ndi eni ake

Liu lakuti junkie ndi la Cingelezi, ndipo poyamba linali kutanthauza munthu amene wagwidwa ukapolo ndi mankhwala osokoneza bongo. Ku Lusaka lero litanthauza anyamata, nthawi zina pamodzi ndi atsikana, amene ayenda m'magulu atatenga zikwanje, mipeni, zitsulo kapena mabotolo osweka, nalanda mafoni, ndalama, zikwama ndi nsapato. Makomboni amene amveka kawirikawiri m'nkhani za apolisi ndi monga Kanyama, Chawama, Chibolya, George, Matero ndi Mtendere. Tichula maina awa mosamala, pakuti m'makomboni omwewa ndimo mucokera oimba kwaya athu ambiri, aphunzitsi a Sande sukulu, ndi ana amene apambana bwino mayeso a giredi 12. Komboni si gulu la zigawenga, ndipo si mnyamata aliyense wa tsitsi losapesa amene ali junkie.

Ambiri a m'magulu amenewa ndi acicepere, ena akali pa msinkhu wa sukulu, ndipo amene awamenya koposa ndi acicepere anzao. Munthu wamkulu akakumana nao amataya foni ndi kupita kwao. Mwana wa zaka 15 sangasamuke pakomboni, sangasinthe njira ya kusukulu, ndipo mawa lake adzakumana nao pamalo omwewo.

Vidiyo ya ku Kitwe

Dziko linadzidzimuka ndi nkhani imeneyi mu 2018, pamene vidiyo ina ya ku Kitwe inafalikira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Inaonetsa mnyamata wa zaka 16 atavulidwa zovala, akumenyedwa ndi gulu lochedwa Tokota Boys, ndi kukakamizidwa kucita zinthu zonyansa zimene sitingazilembe pano. Anthu a ku Copperbelt anali atadandaula kale za magulu otere, monga lina lodzicha Sons of the Devil, koma vidiyo ija ndiyo inacititsa kuti akuluakulu a boma alankhule. Apolisi anagwira anyamata ambiri ndipo mlandu unalowa m'khoti ku Kitwe.

Pali zinthu ziwiri m'nkhani ija zimene sizinasinthe mpaka lero. Coyamba, amene anajambula vidiyo anali a gulu lomwelo. Kumenya kwa magulu awa sikukhala kwa kuba cabe. Ndi njira yodzichukitsira ndi yoopsezera ena, ndipo kucititsa mwana manyazi pamaso pa anthu ndi mbali ya cilango. Caciwiri, ife amene tinali kutumizirana vidiyo ija tikuti tikucenjezana, tinathandiza kufalitsa manyazi a mwana uja kufikira kumene omumenyawo sakanafika okha. Ngati vidiyo yotere yafika pa foni yanu, kapena pa gulu la WhatsApp la mpingo, malo ake ndi kupolisi basi.

Mmene mwana amalowera

Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu oposa 19.6 miliyoni, ndipo oposa 2 miliyoni akhala m'boma la Lusaka lokha. Pafupifupi theka la anthu a dziko lino ndi ana. M'makomboni ambiri nyumba zinamangidwa mothithikana, mabwalo a mpira ena anagawidwa kukhala mapuloti, ndipo mwana amene walekeza sukulu alibe pokhala masana koma pamsika, pa sitesheni ya mabasi kapena kuseri kwa bala.

Kulowa m'gulu sikuyamba ndi cikwanje. Kawirikawiri mnyamata amayamba walandidwa kapena kumenyedwa kangapo, kenaka wina amuuza kuti akayenda nao palibe adzamukhudza. Poyamba amutuma zazing'ono: kuyang'ana amene akubwera, kusunga foni yobedwa usiku umodzi, kukagula camba. Akadziwa zinsinsi zao, kutuluka kumavuta, cifukwa gulu limuona ngati munthu amene angawaulule. Atsikana nao amakokedwa ndi cibwenzi kapena ndi mantha, ndipo ena amagwiriridwa osauza munthu.

Mankhwala ndiwo amamanga mfundo. Camba ndico cofala, koma palinso mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amene amwedwa botolo lonse, mapiritsi ogonetsa, ndi heroin amene m'misewu achedwa volo. Tujilijili tunaletsedwa mu 2012, koma mowa waukali wochipa unabwerera m'timabotolo, ndipo kacasu sanacoke. Lamulo la mowa liletsa kugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18; tonse tidziwa mabala a pafupi ndi nyumba zathu amene safunsa zaka za munthu. Mnyamata amene thupi lake lazolowera mankhwala afuna ndalama tsiku lililonse, ndipo foni ya mwana wa sukulu ndiyo ndalama yapafupi. Foniyo sikhala naye nthawi yaitali. Pali wamkulu wina amene amaigula pa mtengo wotsika osafunsa kumene yacokera, ndipo wamkulu ameneyo nthawi zina amakhala nafe pa benchi pa Sondo.

Zimene boma ndi anthu acita

Yankho loonekera kwambiri ndi la apolisi kusesa komboni. M'zaka zapitazi apolisi a ku Lusaka alengeza kangapo kuti agwira acinyamata ambirimbiri pa nthawi imodzi. Komboni imapuma kwa masabata angapo, ndipo sitipeputsa mpumulo umenewo. Bvuto ndi lakuti pa kusesa kotere wolakwa ndi wosalakwa amakwera galimoto imodzi, ndipo popanda munthu wodandaula ndi mboni, ambiri amaimbidwa mlandu waung'ono wa kuyendayenda ndi kusokoneza mtendere, nabwerera msanga. Anthu akaona mnyamata uja wabwera amati apolisi adya ndalama. Nthawi zina cimene casowa ndi munthu wolimba mtima wokaima m'khoti.

Ena amati onse atumizidwe ku makampu a Zambia National Service. Maganizo amenewa si atsopano: m'zaka za m'ma 2000 boma linatenga ana a m'misewu kupita nao ku makampu monga Chiwoko ku Katete kuti akaphunzire nchito za manja. Ena anapindula, ena anabwereranso mumsewu atasowa zipangizo ndi poyambira. Maphunziro okha popanda cocita pambuyo pake sakwanira. Kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kusekondale, ndipo ndalama za CDF, zimene caka cimeneco zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, zili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso. Mafomu ake amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi. Makolo ambiri a ana amene afunikira thandizoli koposa sadziwa zimenezi, ndipo apa mlembi wa mpingo angathandize kwambiri mwa kungolengeza nthawi ya mafomu ikafika.

Yankho lina, limene tiyenera kulichula mosabisa, ndi la khamu kudziweruzira lokha. Wina akakuwa kuti wakuba, miyala ndi mathayala zimafika msanga kuposa apolisi. Timvetsa mkwiyo wa anthu amene atopa, koma tikumbukire caka ca 2020. Mphekesera za anthu othira mpweya wapoizoni m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola, zitafalikira dziko lonse, makamu anapha anthu makumi angapo, ambiri a iwo pa kungowaganizira cabe, ndipo boma linacita kutumiza asilikali m'misewu. Khamu silifunsa dzina. Pa lamulo, woponya mwala pa munthu amene wafa m'manja mwa khamu angaimbidwe mlandu wakupha, ngakhale womwalirayo anabadi. Ndipo gulu likataya mnzao motero limabwezera pa ana a m'dera lomwelo. Magulu olondera komboni usiku ndi othandiza akakhala odziwika kupolisi ya m'deralo. Nchito yao ndi kugwira ndi kupereka kwa apolisi, osati kulanga.

Zimene lamulo linena

Acinyamata ambiri saganiza kuti kulanda foni ndi mlandu waukulu. Pa malamulo a milandu a dziko lino, munthu akaba mwaciwawa ali ndi cida, kapena ali pamodzi ndi mnzake ngakhale mmodzi yekha, mlandu wake ndi umene m'khoti auchula aggravated robbery. Kwa munthu wamkulu cilango cake siciyamba pansi pa zaka 15 m'ndende, ndipo belo palibe pamene ayembekezera mlandu. Mnyamata wa zaka 19 amene anangoimirira pambali kuchingira mnzake njira angatuluke ali ndi zaka 34. Izi n'zoyenera kuwerengedwa mokweza pa msonkhano wa acinyamata.

Kwa ana, lamulo lalikulu tsopano ndi Children's Code Act, nambala 12 ya 2022, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale monga Juveniles Act. Mu 2022 lamulo linakhazikitsa kuti mwana wosakwana zaka 12 asaimbidwe mlandu. Kale malire anali zaka 8. Mwana wopitirira pamenepo akagwidwa, makolo kapena omusunga ayenera kudziwitsidwa, sayenera kusungidwa pamodzi ndi akaidi akuluakulu, ndipo dzina lake silifalitsidwa. Pa milandu ing'onoing'ono lamulo lilola kuti mwana apatutsidwe ku njira ya khoti, apatsidwe uphungu, apepese kapena abweze cimene anaononga, moyang'aniridwa ndi a Social Welfare. Pa milandu ikuluikulu khoti lingamutumize ku malo osinthira khalidwe, monga Katombora ku Kazungula kapena Nakambala ku Mazabuka.

Tamva ena akuti lamuloli lapatsa ana mphamvu yocita mwano. Ife tiona kuti lamulo silinena kuti mwana wolakwa asiyidwe. Linena kuti asaponyedwe m'cipinda cimodzi ndi mbava zozolowera, mmene angatulukemo woipa kuposa mmene analowera. Kumene kuli kufooka ndi pa kacitidwe: ogwira nchito za Social Welfare ndi ocepa, ndipo malo othandizira mwana kuleka mankhwala ndi osowa kwa banja losauka.

Mwana wanu akamenyedwa

Pitani naye kupolisi ya pafupi tsiku lomwelo, mutenge fomu ya cipatala, dokotala amupime ndi kuisaina, ndipo muibweze kupolisi. Fomu imeneyi ndiyo umboni wa mabala m'khoti. Mabala akapola osalembedwa, mlandu umafooka. Ngati wavulala kwambiri, yambani ndi cipatala. Funsani ofesi ya Victim Support Unit, imene iona milandu yokhudza ana ndi amai. Ngati mtsikana wagwiriridwa, afike kucipatala maola 72 asanathe, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV agwira nchito m'nthawi imeneyo. Nambala ya apolisi ndi 991, ndipo 116 ndi nambala yaulere ya Childline imene ngakhale mwana yekha angaimbe.

Musayambe ndi kumufunsa cimene anali kufuna kumeneko. Ana ambiri amabisa kuti anamenyedwa poopa kukalipiridwa cifukwa ca foni yotayika, ndipo mwana amene sapeza citetezo kunyumba amakacifuna kwa omwe anamumenya. Muuzeni pasadakhale kuti akamuopseza ndi mpeni apereke foniyo. Ngati waona nkhope za omumenya ndipo aopa kucitira umboni, apa ndipo akulu a mpingo afunika: kuperekeza banja kupolisi ndi kukhoti, kuti asaoneke ngati ali okha.

Ndi pa ife eni tiyang'anepo. Mapemphero a usiku wonse ndi maphunziro a kwaya othera mumdima atuma ana athu m'njira zimene ife akulu sitingayendemo tokha, makamaka masiku amene magetsi azima maola ambiri monga tinaonera mu 2024. Kwaya ithe dzuwa likalipo, kapena pakhale akulu owaperekeza mpaka pakhomo.

Mwana wanu akakhala mmodzi wa iwo

Zizindikiro zake makolo amaziona msanga kuposa mmene amavomerezera: foni kapena nsapato zimene simunagule, mabala osafotokozeka, kugona masana ndi kusowa usiku, maso ofiira, timabotolo ta mankhwala a cifuwa, katundu wa m'nyumba kuyamba kusowa. Manyazi ndiwo acedwetsa mabanja ambiri, makamaka a ife okhala ndi maudindo mumpingo. Bungwe la Drug Enforcement Commission silimangogwira anthu. Lili ndi gawo la uphungu kumene kholo lingapite ndi mwana. Cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka cithandiza amene mankhwala awasokoneza maganizo. Mabanja ena amatumiza mwana kumudzi kwa ambuye ake ku Petauke kapena ku Lundazi. Zimathandiza kumucotsa pakati pa anzake, koma ngati thupi lazolowera mankhwala, aonedwe ndi acipatala asanakwere basi.

Akagwidwa, pitani kupolisi ndi cikalata cosonyeza zaka zake, kaya ca kubadwa, khadi la kucipatala la ana aang'ono kapena kalata ya kusukulu, cifukwa zaka ndizo zidzasonyeza khoti limene lidzamva mlandu wake. Bondi ya apolisi, pa milandu imene ilola bondi, ndi yaulere. Banja limene silingakwanitse loya lipite ku Legal Aid Board.