Malo ogona otsika mtengo ku Johannesburg: zoyenera kudziwa woyenda yekha

Johannesburg, mzinda umene Amalawi ambiri amangoutchula kuti Joni, ndi waukulu kuposa mizinda yonse ya dziko la South Africa. Unayamba mu 1886 pamene kunapezeka golide, ndipo kuyambira m'masiku a Wenela ndi Theba anthu a m'dziko muno akhala akupita kumeneko. Kale wopita ku migodi ankapeza pogona pakumudikira ku komponi. Lero munthu amene akupita yekha kukaoda katundu, kukaonana ndi dokotala, kukakhala nawo pa msonkhano kapena kukangoona malo amayenera kudzipezera pogona. Kupatula tikiti, ndalama zogonera ndi zimene kawirikawiri zimadya gawo lalikulu la thumba lake.

Mtengo weniweni wa chipinda sumathera pa chiwerengero cholembedwa pa chikwangwani kapena pa intaneti. Pamawonjezeka ndalama zoyendera kuchoka pogonapo kupita kumene munthu ali ndi zochita, ndalama za chakudya, komanso chitetezo cha mwini wake, pasipoti ndi katundu. Woyenda yekha alibe mnzake wogawana naye bilu kapena womusiyira chikwama akamapita kosamba, choncho zonsezi amayenera kuziwerengera akadali kunyumba.

Kukonzekera asananyamuke

Mabasi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadutsa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kudzera mu Harare mpaka kukawoloka Limpopo pa Beitbridge. Ulendowu umapitirira tsiku lathunthu, ndipo nthawi yofikira imadalira kutalika kwa mzere pa zipata. Basi imene imayembekezeka kufika masana ikhoza kufika pakati pa usiku. N'chifukwa chake chipinda cha usiku woyamba chiyenera kusungitsidwa munthu asanakwere basi, ndipo eni malowo afunsidwiretu ngati amalandira alendo usiku. Amene watsika basi mumdima alibe adiresi amalipira mtengo uliwonse umene wauzidwa, komanso amatsatira aliyense amene wanena kuti akudziwa malo abwino.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti wamba amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30. Pa chipata akuluakulu oona za olowa ndi otuluka akhoza kufunsa kumene munthu akukafikira, kotero kuti ndi bwino kusindikiza pa pepala uthenga wotsimikizira kuti chipinda chasungidwa. Masiku ogona awerengedwe molingana ndi tsiku limene ladindidwa mu pasipoti. Malamulo a dzikolo a mu 2014 amati wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, ndipo kwa zaka zisanu ngati wapitirira pamenepo.

Nkhani ya ndalama nayo imafuna kukonzeratu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikuvuta kupezeka m'mabanki a m'dziko muno. Wapaulendo afunse ku banki yake ngati khadi yake ikagwira ntchito kunja, komanso malire a ndalama zimene angalipire nayo pa tsiku kapena pa mwezi. Kutenga marandi ochepa m'manja okwanira galimoto, chakudya ndi usiku woyamba kumathandiza pamene khadi yakana.

Mitundu ya malo ogona

Malo otsika mtengo kwambiri kwa munthu mmodzi ndi amene amatchedwa backpackers kapena hositelo. Kumeneko mlendo amalipirira bedi limodzi m'chipinda chogona anthu angapo, ndipo bafa ndi khitchini amagwiritsa ntchito limodzi ndi anzake. Ambiri mwa malowa ali ndi timakabati tokhoma, koma loko amabwera nayo mwini wake. Ena ali ndi zipinda za amayi okhaokha, zimene mayi woyenda yekha angachite bwino kuzifunsa. Vuto la hositelo ndi kuchepa kwa malo osungira katundu, moti wamalonda amene wagula zikwama zikuluzikulu sangakhaleko momasuka.

Magesitihausi ndi nyumba zopereka bedi ndi kadzutsa amapezeka kwambiri m'madera okhala anthu. Mtengo wake ndi wapakatikati, chipinda chimakhala cha munthu yekha, ndipo mwini malo nthawi zambiri amakhala pafupi, wokonzeka kulangiza za mayendedwe. Palinso mahotela ang'onoang'ono a makampani okhala ndi nthambi zambiri, amene zipinda zake ndi zazing'ono koma zaukhondo, ndipo pa khomo pamakhala wolandira alendo usana ndi usiku. Mahotelawa amalipiritsa pa chipinda osati pa munthu, choncho woyenda yekha amalipira zimene anthu awiri akanagawana.

Amene akukhala sabata kapena kuposerapo angapindule ndi chipinda kapena kanyumba kokhala ndi pophikira, zimene zimapezeka pa Airbnb ndi pa Booking.com. Ufa, ndiwo ndi buledi zogula m'sitolo zimatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kudya mu lesitilanti katatu pa tsiku, ndipo eni nyumba ambiri amachotsera mtengo munthu akatenga masiku ambiri nthawi imodzi.

Bungwe la Tourism Grading Council of South Africa limayendera malo ogona ndi kuwapatsa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, kuphatikizapo mahositelo. Kulembetsa ku bungweli sikokakamiza, moti malo opanda nyenyezi sangatchedwe oipa pa chifukwa chimenecho chokha. Komabe malo okhala ndi nyenyezi ngakhale imodzi ndi umboni woti wina wochokera kunja anawayendera.

Dera limatengera chimene munthu wayendera

Johannesburg ndi mzinda wotambalala, ndipo kuchoka mbali ina kupita mbali ina kumadya nthawi ndi ndalama. Chipinda chotchipa chimene chili kutali ndi kumene munthu ali ndi zochita chimasanduka chodula akaphatikiza za Uber kapena Bolt zopita ndi kubwera.

Mabasi ena amathera pa Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi, pamene ena ali ndi malo awoawo mkati mwa tawuni. Kumpoto kwa siteshoniyi kuli Braamfontein, dera la ophunzira a yunivesite ya Witwatersrand, kumene kuli mahositelo ndi mahotela a mitengo yapakati. Chakum'mawa kwa tawuni kuli Maboneng, kumene nyumba zakale za mafakitale zinakonzedwa kukhala malo ogona ndi odyera. Madera awiriwa ndi abwinopo masana, koma misewu yoyandikana nawo imasintha msanga, ndipo usiku ndi bwino kuyitanitsa galimoto ngakhale mtunda uli waufupi.

Wokaoda katundu amapindula akagona ku Fordsburg kapena ku Mayfair, kufupi ndi Oriental Plaza ndi misika ikuluikulu ya katundu wa ku China monga Dragon City ndi China Mall. Kumeneko kulinso mizikiti ndi malo ambiri ogulitsa chakudya cha halal. Wopita kuchipatala ayang'ane malo ku Parktown, kumene kuli zipatala zazikulu, kapena ku Melville ndi Auckland Park, madera oyandikana nawo okhala ndi magesitihausi ambiri. Sandton ndi Rosebank ndi madera odula, ngakhale kuti mahotela ake, amene amadalira anthu a ntchito za m'maofesi, amakonda kutsitsa mitengo kumapeto a sabata. Wofuna kuona mbiri ya dzikolo angapeze nyumba zogonamo ku Orlando West mu Soweto, kufupi ndi msewu wa Vilakazi kumene kuli nyumba imene Nelson Mandela ankakhala.

Wobwera pa ndege amatera pa bwalo la O.R. Tambo ku Kempton Park, kunja kwa mzinda. Magesitihausi ambiri a m'deralo amakatenga alendo ku bwalo, ena kwaulere, ndipo ndi oyenera kwa amene watera usiku kapena akunyamuka m'bandakucha. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imachoka pa bwaloli kupita ku Sandton, kumene munthu amasinthira ina yopita ku Rosebank ndi Park Station. Sitimayi siyenda usiku wonse, ndipo mtengo wochokera ku bwalo la ndege ndi wokwera kuposa wa pakati pa masiteshoni ena. Mabasi a Rea Vaya amalumikiza Soweto ndi pakati pa mzinda pa mtengo wotsika.

Zipinda zimene kutchipa kwake kuli ndi ngozi

Ku Hillbrow, Berea, Joubert Park ndi mbali zina za pakati pa mzinda kumapezeka zipinda za mitengo yotsika zedi. Anthu ambiri ochokera m'maiko ena a mu Africa amakhala kumeneko mwamtendere, ndipo zilipo nyumba zoyendetsedwa bwino. Koma m'madera omwewo mulinso nyumba zosanjikizana zimene eni ake anazisiya, kenako zigawenga zinazilanda n'kumatolera lendi. Mkati mwake zipinda zimagawidwa ndi matabwa, makatoni ndi nsalu, magetsi amalumikizidwa mwakuba, ndipo makomo othawira pa ngozi amakhala otseka.

Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ina yotere yotchedwa Usindiso, pa msewu wa Albert ku Marshalltown, ndipo anthu 76 anamwalira, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Komiti yofufuza imene anaitsogolera woweruza wopuma Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo inalephera kukwaniritsa malamulo ake omwe a chitetezo cha nyumba. Mlendo wa masiku ochepa alibe njira yodziwira mbiri ya nyumba iliyonse, koma zizindikiro zina zimaonekera poyera. Ngati palibe tebulo lolandirira alendo, wotolera ndalama sakupereka lisiti, mawaya a magetsi ali lendelende, ndipo potulukira ndi pamodzi pokha, malowo ndi osayenera kugonamo ngakhale usiku umodzi. Lamulo la dzikolo limafuna kuti malo ogonetsa alendo azisunga buku lolembamo mayina awo, moti malo amene safunsa n'komwe chiphaso amapereka chikayiko.

Kusungitsa malo ndi kulipira

Poyerekeza mitengo pa intaneti, wapaulendo ayang'ane ndalama zonse zimene adzalipire, pakuti ena amawonjezera za kuyeretsa chipinda kapena chikole cha kiyi kumapeto. Ndemanga za alendo ena zimathandiza zikakhala zambiri komanso zaposachedwa, makamaka zimene zikunena za madzi otentha, phokoso ndi chitetezo cha msewu. Adiresi iyenera kufufuzidwa pa Google Maps kuti zione ngati ikugwirizana ndi zithunzi. Akapeza malo, palibe cholakwika kuimba foni kapena kulemba uthenga kufunsa ngati pali mtengo wotsikirapo kwa wokhala masiku angapo.

Akathyali amaika zithunzi za zipinda zokongola pa Facebook ndi pa WhatsApp, n'kupempha kuti munthu atumiziretu ndalama ku akaunti ya munthu wamba. Chipinda chotero nthawi zambiri kulibe. Njira yotetezeka ndi kulipira kudzera pa tsamba lodziwika, kapena kusankha malo olola kulipira pofika. Pa ulendo wa basi ndi bwinonso kusankha malo olola kusintha tsiku popanda chindapusa, chifukwa kuchedwa pa Beitbridge si chinthu chachilendo.

Safunsa anadya phula. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kugwa chisanu, choncho mlendo afunse ngati muli mabulangete okwanira kapena chotenthetsera chipinda. Afunsenso ngati malowo ali ndi jenereta kapena sola, pakuti dzikolo lakhala likukumana ndi kuzimazima kwa magetsi, komanso ngati ali ndi thanki ya madzi. Masoketi ambiri a kumeneko ndi a mano atatu obulungira, osiyana ndi a kuno, ndipo chaja ya ku Malawi imafuna adaputa. Khadi ya foni imalembetsedwa ndi pasipoti pamodzi ndi umboni wa kumene munthu akukhala, ndipo kalata kapena lisiti ya malo ogona imathandiza pamenepa.

Kufikira kwa abale

Amalawi ambiri amafikira kwa wachibale, mnzawo wa kumudzi kapena wa mumpingo, ndipo iyi ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse. Imayenda bwino ngati zinthu zakambidwa poyera ulendo usanayambe: masiku angati, ndani akamuchingamire, ndipo mlendo athandizapo chiyani pa chakudya ndi magetsi. Ambiri okhala ku Joni amachita lendi kachipinda kamodzi, ndipo eni nyumba ena amalipiritsa munthu aliyense wowonjezera. Mlendo ndi mame, ndipo amene wanena tsiku lobwerera n'kulisunga amalandiridwanso ulendo wina. Ngakhale zili choncho, ndi nzeru kusunga padera ndalama za usiku umodzi kapena uwiri ku gesitihausi, kuchitira kuti foni ya wachibaleyo ikapanda kuyankhidwa pa siteshoni pakhale kolowera.

Akafika pogona paliponse, woyenda yekha atumize adiresi ndi nambala ya malowo kwa wina wa kumudzi. Chithunzi cha pasipoti chisungidwe mu foni ndi pa pepala, mosiyana ndi pasipoti yeniyeniyo. Apolisi a dzikolo amapezeka pa 10111, ndipo 112 ndi nambala ya ngozi pa foni ya m'manja. Wotaya pasipoti akauze apolisi, atenge kalata yawo, kenako apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku nthambi yake ya mu Johannesburg kukapempha chikalata chobwerera nacho kumudzi.