Timizere ta pa rezisita ndi amisiri athu a mawailesi

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero tikumbutsane za rezisita, kachipangizo kamene timakajambula pa bolodi koma ambiri sitinakagwirepo.

Mukatsekula wailesi yakale mupezamo tinthu tonga nyemba tokhala ndi timizere ta mitundumitundu. Timizereti si tokongoletsa ayi, ndi manambala. Analiyambitsa dongosololi ndi bungwe la opanga mawailesi ku America, Radio Manufacturers Association, m'zaka za m'ma 1920, poti kulemba manambala pa kanthu kochepa chonchi kunali kovuta. Mu 1952 bungwe la IEC linalikhazikitsa kuti maiko onse azilitsatira.

Kuno wailesi inayamba kufika kwa anthu wamba mu 1949 pamene kunabwera Saucepan Special ya kampani ya Ever Ready, ya mapaundi 5. Anthu ankamvera Lusaka, kumene ankaulutsanso m'Chinyanja. MBC inayamba mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru inkalumikiza mawailesi ku Blantyre. Kuno ku Mulanje wailesi ikafa inkapita kwa mmisiri pa Chitakale kapena pa msika wa Limbuli. Ambiri mwa amisiriwa sanafike ku sekondale, koma timizere ankatiwerenga ngati kalata.

Kawerengedwe kake nkotere: chakuda 0, bulauni 1, chofiira 2, olenji 3, chachikasu 4, girini 5, buluu 6, pepo 7, gireyi 8, choyera 9. Pa rezisita ya timizere tinayi, tiwiri toyamba ndi manambala, kachitatu kamanena kuchuluka kwa maziro, kachinayi kamanena malire a kuphonya: golide 5 peresenti, siliva 10 peresenti. Choncho chachikasu, pepo, chofiira ndi ma ohm 4,700.

Apa mpamene chinenero chathu chimatchera msampha. Mawu oti kubiriwira timanena tsamba la tiyi, timanenanso thambo, pamene girini ndi 5, buluu ndi 6. Kufiira nako kumameza bulauni ndi olenji. Nchifukwa chake amisiri anabwereka maina a mitunduyi. Ine ndili mnyamata ndinapsereza wailesi ya malume chifukwa cha zomwezi. Pamafunika bulauni, chakuda, chofiira, ndiye kuti ma ohm 1,000. Ine poona "zofiira" ndinaika bulauni, chakuda, bulauni, amene ndi 100 basi. Mphamvu inadutsa yochuluka, utsi fuu! Malume anakhala miyezi osamva uthenga wa maliro kapena mpira.

Masiku ano m'mafoni muli timarezisita tating'onoting'ono, tina tolembedwa manambala monga 472, tina topanda chilembo. Koma timizere tikadalipo m'mawailesi ndi m'maamplifaya. Pempho langa nlakuti pophunzitsa lamulo la Ohm tizibwera ndi wailesi yakufa m'kalasi, ana aitsekule, awerenge okha. Ngati mmisiri wa pa msika angalole, muitaneni adzaphunzitse tsiku limodzi.