Za Kuseka Atsogoleri a Mpingo

Abale, kuseka atsogoleri a Mpingo sikunayamba lero ai. M'chaka cha 1509 Erasmus wa ku Rotterdam, iye mwini wansembe, pokhala m'nyumba ya bwenzi lache Thomas More ku London, analemba buku lochedwa Moriae Encomium, ndiko kunena Chitamando cha Kupusa. M'menemo Kupusa aimirira ngati mkazi, nadzitama kuti amonke ndiwo ana ache, pakuti aimba Masalmo osamva tanthauzo lache, natsutsana za mfundo za nsapato ndi maonekedwe a lamba. Ngakhale apapa sanawaleka. Roma analetsa mabuku ache m'1559, koma anthu anali atawerenga kale, naseka.

Ife a kuno ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi, sitifunika kuoloka nyanja kuti tizione izi. Pamene amishoni analetsa Akristu kupita ku nyau m'midzi ya Achewa ndi Amang'anja, eni gule sanalemba buku: anasema zigoba. Anatulutsa Simoni, wofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maria, ndi Yosefe, maina otengedwa m'kalasi momwemo. Mphunzitsi akaphunzitsa m'mawa, madzulo mudzi wonse unaona phunziro lache lilikuvina pa fumbi. Tiyesa kuti chimene chinawawa koposa ndi ichi, kuti osemawo anali atamvetsera bwino lomwe.

Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anamanga m'1902 nalimbana ndi nyau zaka zambiri, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni m'1976. Zigoba zotere zisungidwa tsopano m'nyumba ya Chamare, pa Mishoni pomwepo.