Mwaika Mapadi Atsopano Koma Mabuleki Akulira: Muchite Chiyani?

Mwagula mapadi atsopano a mabuleki. Makaniko waika, mwalipira, mwanyamuka. M'mawa mwake mukuponda buleki pafupi ndi msika wa Milange, galimoto n'kulira kuti tswiii, anthu onse n'kucheuka. Mafunso amayamba kubwera. Kodi andigulitsa mapadi achinyengo? Kodi makaniko wandidyera ndalama? Nanga mwana akadutsa kutsogoloku, galimotoyi iima?

Phokoso la mabuleki lili mitundumitundu. Lina limatha lokha. Lina limafuna kuti mubwerere kwa makaniko masiku omwewa. Lina limakuuzani kuti muimitse galimoto pomwepo. Mukadziwa kusiyanitsa mitundu itatuyi, simutaya ndalama pachabe, komanso simuika moyo wa anthu pachiswe.

Mmene mabuleki amagwirira ntchito

Galimoto zambiri za kuno, monga Toyota Probox, Hiace ndi Hilux, zili ndi mabuleki a disiki kutsogolo. Kumbuyo zili ndi mabuleki a mtundu wina, a dalamu, omwe sagwiritsa ntchito mapadi. Nkhani yathu ndi ya mabuleki a disiki.

Disiki ndi chitsulo chonga mbale chimene chimazungulira limodzi ndi tayala. Pa disiki iliyonse pali mapadi awiri, ina mkati, ina kunja. Mapadiwo amakhala m'chitsulo chopanira chimene amakaniko amachitcha kalipa. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni, pisitoni imakankha mapadi, mapadi n'kupana disiki. Kukhulana kumeneku ndiko kumaimitsa galimoto, ndipo kumatenthetsa zitsulo kwambiri.

Padi ili ndi msana wachitsulo, ndi mbali ina yokhuthala imene imakhudza disiki n'kumatha pang'onopang'ono. Padi ikakhala yatsopano, mbali imeneyi imakhuthala mamilimita pafupifupi 10. Ikatsala mamilimita 3, nthawi yosintha yakwana.

Palinso tizitsulo ting'onoting'ono timene anthu amatiderera, koma phokoso lambiri limachokera pa ito. Mashimu ndi tizitsulo topyapyala tokhala kumsana kwa padi, toletsa kunjenjemera. Makilipi amagwira padi kuti isagwedere. Mapini awiri ndi amene kalipa imatsetserekapo mukaponda ndi posiya buleki.

Kulira kuja kumabwera padi ikamanjenjemera mofulumira kwambiri pa disiki. Ndi mmenenso amalirira mabuleki a njinga ya kabaza ikamatsika mtunda mvula itagwa.

Yambani mwamvetsera

Musanapite kwa makaniko, tsitsani magalasi, zimitsani wailesi, yendani pang'onopang'ono pamalo opanda anthu. Dzifunseni mafunso anayi awa:

1. Phokoso likubwera ndikaponda buleki, kapena ngakhale ndisanaponde?
2. Likubwera m'mawa mokha, kapena tsiku lonse?
3. Likuchokera tayala liti? Mnzanu ataima pambali pa msewu angakuthandizeni kumva.
4. Galimoto ikuima bwino monga kale?

Funso lachinayi ndilo lalikulu. Ngati yankho lili ayi, musayendenso ulendo mpaka makaniko aone.

Phokoso limene limatha lokha

Kulira kwa m'mawa. Kuno ku Milange chinyezi n'chambiri. Pali mvula ya dzinja kuyambira Novembala mpaka Malichi, palinso mawawa a chiperoni a nyengo yozizira, omwe dzina lawo linachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lomwe lino. Galimoto ikagona panja, disiki imachita dzimbiri lopyapyala usiku umodzi wokha. M'mawa mukaponda buleki mumamva khwe khwe. Mukaponda kangapo, mapadi amapukuta dzimbiri lija, phokoso n'kutha. Limeneli si vuto. Zimachitikanso mukatsukitsa galimoto kapena mukawoloka madzi.

Kulira kwa masiku oyamba. Padi yatsopano ndi yosalala, pomwe disiki yakale ili ndi timizere timene mapadi akale anasiya. Ziwirizi zimafuna nthawi kuti zigwirizane. Kulira pang'ono pa makilomita 200 kapena 300 oyamba n'kosadabwitsa, bola galimoto ikuima bwino ndipo phokosolo likuchepa tsiku ndi tsiku.

Mungathe kuthandiza mapadi kuti azolowere msanga. Pezani msewu wa phula wowongoka, wosatsetsereka, kutali ndi msika ndi sukulu. Pa msewu wa N11 wopita ku Mocuba malo otere alipo. Musanyamule anthu kapena katundu. Yendani makilomita 60 pa ola, pondani buleki mwamphamvu ndithu koma osati modzidzimutsa, mpaka liwiro litsike kufika pa makilomita 10, kenako pitirizani osaima. Bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, mukuyang'ana pagalasi kuti kumbuyo kulibe galimoto kapena njinga. Mukatha, yendani mphindi zisanu kapena khumi osaponda buleki kuti zitsulo zizizire. Musaime phazi lili pa buleki mapadi akadali otentha, chifukwa amasiya chidindo pa disiki.

Phokoso lofuna makaniko masiku omwewa

Kulira kwa tswiii kosatha. Mwayenda sabata ziwiri, koma mukangoponda buleki pang'ono galimoto ikulirabe. Kawirikawiri vuto limakhala pa kaikidwe. Mwina mashimu sanabwezeredwe, anatayidwa limodzi ndi mapadi akale. Mwina malo okhala mapadi sanatsukidwe, muli matope ouma ndi dzimbiri. Mwinanso mapini ndi ouma. Makaniko amasule, atsuke ndi burashi ya waya, abwezere mashimu, apake girisi pa mapini ndi pang'ono m'makutu a padi. Girisi wake akhale wa mabuleki, wopirira moto. Girisi wamba amasungunuka ndipo amafufumitsa timalabala toteteza mapini.

Disiki yotha. Galimoto itazizira, yang'anani m'mphepete mwa disiki. Mukaona mlomo wotukuka kapena mizere yakuya yoti chikhadabo n'kukodwamo, padi yatsopano siingakhale bwino pamenepo. Disiki yotere imafuna kusalazidwa pa makina kapena kusinthidwa. Pa disiki zambiri pamalembedwa zilembo zakuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Nambala imeneyo ndiyo malire. Disiki ikapyapyala kupitirira pamenepo, siyosalazanso, ndi yotaya.

Mapadi opsa. Mapadi atsopano akatenthedwa kwambiri asanazolowere, nkhope yake imauma n'kumanyezimira ngati galasi. Akatero amalira ndipo sagwira bwino. Izi zimachitika kwa amene amaika mapadi lero, mawa n'kudzaza matumba a chimanga kapena nandolo, n'kumatsika mitunda phazi lili pa buleki. Ngati kupsako n'kochepa, makaniko amakwecha nkhope ya padi ndi sandipepala. Ngati padi yang'aluka, isinthidwe.

Kukwecha kosaleka ngakhale simunaponde buleki. Kuseri kwa disiki kuli lata lopyapyala loteteza ku fumbi. Lata limeneli limapindika mosavuta pomasula, n'kumakhudza disiki. Kamwala kakhozanso kulowa pakati pa lata ndi disiki, makamaka m'misewu ya dothi monga wopita ku Molumbo ndi ku Gurue. Kukonza kwake n'kochepa: kuwongola lata, kuchotsa kamwala. Mapadi ambiri alinso ndi kachitsulo kochenjeza, kamene kamayenera kulira padi ikatsala pang'ono kutha. Kakapindika poika, kamalira padi ikadali yatsopano.

Kugogoda kwa kho kamodzi mukaponda buleki, kapena gwedegwede m'mabampu. Apa padi ikugwedera m'malo mwake. Mwina makilipi palibe, mwina ndi otha, mwinanso mapadiwo si a galimoto yanu ngakhale akufanana ndi akale.

Kunjenjemera kwa chiwongolero kapena kwa chopondera buleki. Disiki siikuzungulira mowongoka. Nthawi zina chifukwa chake ndi dothi kapena dzimbiri lotsalira pamalo pokhala disiki, kapena manati a tayala omangidwa mosafanana.

Phokoso lakuti imani pomwepo

Imitsani galimoto pamalo abwino, muitane makaniko abwere komweko, mukaona chimodzi mwa izi:

Kukukuta kwamphamvu kwa chitsulo ndi chitsulo mukaponda buleki. Mwina padi inaikidwa chagada, msana wachitsulo uli ku disiki. Mwina mbali yokhuthala ija yamatuka pa msana wake, zomwe zimachitika ndi mapadi osapangidwa bwino.

Kugunda kwakukulu kwa gu kuchokera ku tayala. Mwina bawuti ya kalipa kapena manati a tayala sanamangidwe. Kalipa ikhoza kuchoka, tayala likhoza kuguluka.

Chopondera buleki chafewa, kapena chikutsika mpaka pansi. M'mapaipi mwalowa mpweya, kapena mafuta akudontha.

Galimoto ikukokera mbali imodzi mukaponda buleki.

Fungo la kupsa kapena utsi ku tayala limodzi. Yandikizani dzanja ku limu, koma osagwira. Ngati tayala limodzi likutentha kuposa linzake, kalipa yakanirira ndipo mapadi sakusiya disiki. Musathirepo madzi. Chitsulo chotentha chikazizira modzidzimutsa chimapindika kapena kung'aluka.

Kuchokera ku Milange kukafika ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 190. Mukakhala pakati pa njira, mtima umati ndingopirira, ndikakonzetsa ndikafika. Ndi zizindikiro zisanuzi, musapirire ayi, makamaka mutanyamula anthu.

Phokoso lina si la mabuleki

Kung'ung'udza kumene kumakula liwiro likamakwera, koma osasintha mukaponda buleki, kawirikawiri ndi beringi ya tayala. Kulira kwa kha kha kha mukamakhota kwambiri kumachokera pa mfundo ya shafuti yozunguza tayala. Musagule mapadi ena chifukwa cha phokoso lotere.

Zinthu zosayenera kuchita

Musapake oilo, girisi kapena dizilo pa nkhope ya padi kapena pa disiki pofuna kuletsa phokoso. Phokoso litha, inde, koma mabuleki nawonso atha. Padi imene yamwa mafuta ndi yotaya basi.

Musasinthe mapadi a tayala limodzi lokha. Amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, onse a mtundu umodzi.

Musauzire fumbi la mabuleki ndi pakamwa kapena ndi pampu. Mapadi akale ndi ena otchipa amakhala ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

Musalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha. Pakhale chochirikiza cholimba, ndipo matayala otsala atsekedwe ndi miyala kapena matabwa.

Musanyamuke mapadi atangoikidwa musanaponde buleki kangapo galimoto ili chiimire, mpaka chopondera chilimbe. Poika mapadi pisitoni imakankhidwira mkati, ndiye mukaponda koyamba mabuleki sagwira.

Pogula mapadi

Ena amagula mapadi pa Milange pompano, ena ku Mocuba kapena ku Quelimane, enanso amawoloka pa Muloza kukagula ku Mulanje kapena ku Limbe. M'masitolo a Chipwitikizi amawatcha pastilhas kapena calços. Kulikonse kumene mukugula, tengani padi yakale ndi nambala ya chasisi ya galimoto yanu. Gundanitsani yakale ndi yatsopano. Kutalika, makutu ndi mabowo zifanane ndendende.

Mapadi ogula m'sitolo ambiri sapangidwa ndi kampani imene inapanga galimoto. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi oipa. Alipo abwino, alipo achabechabe. Alinso mitundu itatu. Ofewa salira kwambiri koma amatha msanga. Osakaniza ndi zitsulo amapirira moto ndi katundu wolemera, koma ndiwo amakonda kulira ngakhale ali abwinobwino. A seramiki ndi achete ndipo satulutsa fumbi lambiri, koma ndi odula.

Werengani zolembedwa pa bokosi ndi kumsana kwa padi. Pakhale dzina la opanga ndi nambala ya padiyo. Mukaona chilembo E chili m'kabwalo pamodzi ndi 90R, ndiye kuti opanga akunena kuti mapadiwo anayesedwa motsata lamulo la ku Ulaya, limene limafuna kuti kagwiridwe kake kasasiyane ndi ka mapadi oyambirira a galimotoyo kupitirira magawo 15 pa 100 alionse. Akuba amathanso kukopera chizindikiro, choncho yang'ananinso padi yeniyeniyo. Ikakhala ndi ming'alu, kapena ikuoneka kuti ikumatuka pa msana, isiyeni. Mapadi ena amalembedwa L ndi R. L ndi ya tayala la kumanzere, R ya kumanja. Funsani ngati mashimu ndi makilipi alimo m'bokosi, ndipo sungani lisiti.

Ngati mafuta a mabuleki akufunika kuwonjezera, werengani pa chivundikiro cha kabotolo kake mu injini. Pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Gulani omwewo.

Pobwerera kwa makaniko

Musafike ndi ukali. Fikani ndi zimene mwamva. Mukhoza kunena kuti: "Achimwene, mapadi aja akulira tayala la kumanja, ndikaponda pang'ono, tsiku lonse, koma galimoto ikuima bwino. Tamasulani tionere limodzi." Mawu otere amamuthandiza kupeza vuto msanga kuposa kungoti galimoto ikusokosera.

Akamasula, imani pomwepo muone. Mashimu alipo? Makilipi alipo? Mapini akutsetsereka mukawakoka ndi dzanja? Disiki yayezedwa? Mabawuti amangidwa onse? Safunsa anadya phula. Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa.

Phokoso likatha, asamaleni mapadiwo. Potsika mitunda italiitali, monga ya ku Thyolo pa msewu wa ku Limbe, ikani giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto. Mukayenda m'matope, tsukani kuseri kwa matayala zitsulo zitazizira. Ndipo m'mawa uliwonse, musanakweze munthu aliyense, pondani buleki kawiri katatu mukadali pabwalo, mumve mmene ikugwirira.