Mbiri ya Ana Olumala mu Mpingo ndi Gawo la Amayi

Pamene tikukondwerera chikumbutso cha Chigwirizano chathu, a komiti anandipempha ine mlembi wanu kuti ndilembeko mbiri ya imodzi mwa ntchito za amayi. Ena alemba za kutonthoza anamfedwa ndi za kuona odwala. Ine ndasankha kulemba za ana olumala, ndiwo ana osaona, osamva, osayenda ndi ena ochedwa kugwira zinthu m'mutu. Mbiri ya ana ameneŵa mu mpingo amaidziŵa ndi anthu ochepa, chonsecho amayi ali pakati penipeni pa mbiriyo.

Ife amene tinakulira kumudzi tikukumbukira m'mene zinthu zinaliri. Mwana wolumala akabadwa, anthu ankanong'onezana kuti makolo ake analakwira mwambo, kapena kuti wina wa pachibale anakhwimira chuma. Kaŵirikaŵiri mlandu unkagwera mayi, ndipo maukwati ena ankatha pa chifukwa chomwechi. Alendo akafika, mwanayo ankamuloŵetsa m'nyumba. Mwana wa khunyu ankadyera m'mbale yakeyake poopa kupatsirana, koma lero achipatala anatiphunzitsa kuti khunyu sapatsirana ayi. Ngakhale m'nyumba za Akhristu zinali choncho. Belu likalira pa Sabata, ana ena ankasamba ndi kuthamangira ku Sande Sukulu, koma iye ankatsala pakhonde akuingitsa nkhuku pa ufa woyanika.

Ntchito yophunzitsa ana otere pakati pa anthu a chinenero chathu inayamba ndi munthu wamayi. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Nkhoma m'chaka cha 1896, anali ndi abale awo amene anatsegula mishoni ya Magwero m'chaka cha 1899. Magwero ali kutsidya kwa malire a Mchinji, pafupi ndi Chipata m'dziko la Zambia, kumene pa nthaŵiyo kunkatchedwa Fort Jameson. Kumeneko m'chaka cha 1905 Mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishoni, anayamba kuphunzitsa anthu osaona kuŵerenga ndi zala. Mayi ameneŵa anamwalira m'chaka cha 1910, koma ntchito sinafe nawo. Mayi Ella Botes anaipitiriza zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1955 pa Magwero pomwepo panatsegulidwanso sukulu ya ana osamva.

Kalembedwe kamene ankaphunzitsa kamatchedwa Braille, kutengera dzina la Louis Braille wa ku France, amene anabadwa m'chaka cha 1809. Iyeyu anavulala diso ali ndi zaka 3 pamene ankaseŵera ndi zida za ntchito za bambo wake, ndipo pambuyo pake maso onse aŵiri anasiya kuona. Ali mnyamata wa zaka 15 anakonza zilembo za timadontho totupa pa pepala lolimba. Chilembo chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tosapitirira 6, ndipo munthu amatikhudza ndi nsonga za zala. Taonani amayi, chida chimene chathandiza osaona pa dziko lonse kuŵerenga Mawu a Mulungu anachikonza ndi mwana wolumala.

Kuno ku Malaŵi sukulu zoyamba za ana osaona zinatsegulidwa ndi mipingo m'zaka za m'ma 1950. Imodzi ndi ya Chilanga ku Kasungu, imene ili m'manja mwa Sinodi yathu ya Nkhoma, ndipo ina ndi ya Lulwe ku Nsanje. Ana osamva anadikira kufikira m'chaka cha 1968, pamene Abulazala a mpingo wa Katolika ochokera ku Holland anayamba kuwaphunzitsa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumenenso kunayamba kuphunzitsidwa aphunzitsi a ana olumala. Pambuyo pake kunatsegulidwa sukulu ya osamva ku Mua m'boma la Dedza, ndipo abale athu a Sinodi ya Livingstonia anatsegula yawo ku Embangweni m'chaka cha 1994.

Boma nalo linachitapo kanthu. M'chaka cha 1971 linakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la MACOHA lophunzitsa olumala ntchito za manja. Bungwe la United Nations linapatula chaka cha 1981 kukhala chaka cha anthu olumala pa dziko lonse. M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu wa olumala, ndipo lina latsopano linabwera m'chaka cha 2024. Mawu nawonso anasintha. Kale tinkangoti wakhungu, wogontha, wopunduka, ndipo nthaŵi zina dzina la mwana linkaiŵalika. Lero tinaphunzira kunena kuti mwana wosaona kapena wosamva, ndi kumuitana ndi dzina lake.

Tsono apa ndipo pali nkhani imene ndikufuna tiiganizire. Sukulu zonsezi zinali zogonera komweko ndiponso zinali kutali. Mwana ankakwera basi kupita ku Kasungu kapena ku Nguludi, ndipo ife otsala tinkapumula mtima kuti mpingo wachita mbali yake. Koma akabwera pa tchuthi, kapena akamaliza sukulu, tchalitchi cha kwawo ankachipeza monga anachisiyira. Masitepe anali omwewo ovuta kukwera. Panalibe womutsogolera ku benchi, ndiponso panalibe wommasulira ulaliki ndi manja. Mwana wodziŵa kuŵerenga Baibulo ndi zala sankapatsidwa mpata woŵerenga pa chipembedzo.

Zimenezi zinaoneka pa mpingo wathu womwe uno. Mmodzi wa amayi a Chigwirizano anali ndi mwana wamkazi amene anasiya kumva atadwala kwambiri ali wakhanda. Mwanayo anabatizidwa ali wamng'ono, anaphunzira ku sukulu ya osamva, ndipo ankadziŵa kulemba bwino kuposa ine. Atakula analoŵa kalasi pamodzi ndi anzake. Anzakewo analandiridwa ku Mgonero wa Ambuye, koma iye anatsala, chifukwa sankatha kuyankha mafunso a katekisma ndi pakamwa. Chaka chotsatira anatsalanso. Tsiku la Mgonero ankakhala pa benchi ya kumbuyo akuyang'ana ang'ono ake akudya mkate.

Ndivomere pamaso panu kuti ine ndinali mmodzi wa amene ankati, "Asiyeni, Mulungu akudziŵa mtima wake." Ndinkayesa kuti ndikulankhula zachifundo. Kenaka mayi wake anasiya kubwera ku misonkhano yathu, ndipo ine monga mlembi ndinkangolemba m'kaundula kuti sanabwere. Titapita amayi atatu kukawaona, anatiyalira mphasa, natifunsa kuti, "Amayi, inu mukabwera pa maliro a mwana wangayu mudzaimba usiku wonse. Nanga bwanji ali moyo palibe amene akumulankhulira?" Tinasoŵa choyankha, ndipo pobwerera panjira panalibe wolankhula ndi mnzake.

Pa msonkhano wotsatira tinaŵerenga nkhani ya Mefiboseti pa 2 Samueli mutu 4 ndi mutu 9. Iyeyu anali mwana wa Jonatani, ndipo analumala miyendo ali ndi zaka 5 pamene mlezi wake ankathaŵa naye, mwana nkugwa. Mfumu Davide sanakhutire ndi kumtumizira chakudya kumene ankakhala. Anamuitanitsa kuti azidya pa gome la mfumu masiku onse monga mmodzi wa ana ake. Titakambirana, tinatuma a mkhalapakati kuti akatule nkhaniyi kwa Abusa ndi akulu a mpingo. Akulu ena anakayika poyamba, poopa kuphwanya dongosolo, koma Abusa analola kuti mtsikanayo ayankhe mafunso polemba pa pepala ndi polankhula ndi manja, mphunzitsi wake akumasulira. Anayankha bwino lomwe. Tsiku limene analandira Mgonero, mayi wake anavalanso yunifolomu. Lero mtsikana uja ndi mayi wapabanja, anavekedwa bulauzi yoyera pakati pathu, ndipo ndiye amasonkhanitsa ana osamva a m'midzi yozungulira pa Sande Sukulu.

Chigwirizano chinayamba m'chaka cha 1940 kuti amayi atumikire Ambuye pakati pa amayi anzawo ndi ana, ndipo ana olumala ali m'gulu la ana amenewo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake. Ngati sitikuwaona m'tchalitchi, ndiye kuti ali kunyumba. Tikumbukirenso ana achialubino, amene kuyambira cha m'ma 2014 ena a iwo anabedwa ndi kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, mpaka makolo ena anayamba kuopa kuwatumiza okha ku Sande Sukulu.

Chifukwa chake ndikupempha nthambi iliyonse kuti chaka chino ilembe maina a ana olumala a m'dera lake ndi kukacheza ndi amayi awo. Pakhale amayi osinthana kukatenga mwana wosayenda kapena wachialubino ndi kumperekeza pobwerera. Tipemphe akulu a mpingo kuti pa khomo la tchalitchi pakonzedwe podutsa njinga ya olumala. Atsikana athu aŵiri kapena atatu aphunzire chinenero cha manja. Mwana wodziŵa Braille apatsidwe tsiku loŵerenga Mawu, woimba aloŵe m'kwaya, ndipo wofuna kalasi ayesedwe m'njira imene angathe kuyankhira. Malipoti a zimenezi mudzanditumizire usanafike msonkhano wathu wa pachaka.

Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.

Ine wanu mu utumiki,
Mlembi wa Chigwirizano