Machila, mganda ndi nsapato zanga za pa kaunjika

Pa tchuthi cha mu Julayi chaka chatha ndinachita manyazi amene mpaka lero sanandichoke. Ndinaperekeza agogo anga aakazi kuchigayo, kwathu kwa Msakambewa ku Dowa. Amene munafikako mukudziwa kuti kwathu kulibe njira yachidikha: ukatsetsereka m'chigwa, chitunda chimakhala chikukudikira kutsidya. Pobwerera ndinakakamira kusenza ufa, poti ndine mnyamata wa zaka 23, wa ku yunivesite. Tisanafike pakati pa chitunda chachiwiri mawondo anayamba kunjenjemera, ine wefuwefu ngati galu wochokera ku uzimba. Agogo, amene zaka zawo zinapitirira 70, anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Amuna anga, kusukuluko amangokuphunzitsani kukhala pansi? Tulani, ndisenze ndekha."

Anapota nkhata, kusenza, n'kumapitiriza nkhani ya maliro a kutsidya ngati pamutu palibe kanthu.

Nditabwerera ku koleji ndinagula nsapato zothamangira pa kaunjika. Tsiku loyamba ndinathamanga ngati ndaba nkhuku, mpaka maso kuchita mdima. Masiku atatu otsatira ndinkatsika masitepe chammbali ngati nkhanu. Nsapato zija zinalowa kunsi kwa bedi ndipo zinakhala komweko miyezi iwiri. Ululu wa m'ntchafu unatha msanga. Chimene sichinathe ndi mawu a bambo wina amene ndinakumana naye m'mawa umenewo atasenza khasu: "Achimwene, akukuthamangitsani ndani?" Anafunsa moseka, koma funsolo lili ndi mbiri yake, ndipo poti ndimaphunzira mbiri yakale ndinayamba kulitsata.

Tiyambire kwathu komwe. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ya Mvera m'dera la Chiwere mu 1889. Mu 1894 Robert Blake anatsegula ya Kongwe kwa Msakambewa, ndipo sukulu ya sekondale ya pa Kongwe imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Tikamawerenga za nthawi imeneyo timakumbukira maina a azungu, koma tadzifunseni kuti mabokosi a mabuku, nsalu, mchere ndi zitsulo zinkakwera bwanji mapiri amenewa. Sitima ya panyanja inkatsitsa katundu ku Domira Bay. Kuchokera pamenepo panalibe galimoto. Panali mitu ya anthu, aliyense ndi mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, ulendo wokwera wokhawokha kuchoka kunyanja. Ndipo pa maulendo a atsamunda nthawi zambiri pankakhala mtolo wina wapadera, mtolo wolankhula: bwana ali gone m'machila, amuna akusinthana mapewa.

Chithunzi chimenechi ndi chimene ndikufuna muchisunge. Pa msewu umodzi pali anthu a mitundu iwiri, wina akutuluka thukuta, wina wanyamulidwa. Mwana aliyense woonerera ankadziwa kuti wolemekezeka ndi uti.

Thukutalo silinali lodzifunira. Boma la Britain litakhazikitsa ulamuliro wake kuno mu 1891, posakhalitsa linabweretsa msonkho wa nyumba wa mashileni atatu, ndipo munthu wopanda ndalama ankaulipira ndi msana wake. Kenako kunabwera nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitchula kuti ya Chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo ija. Melvin Page analemba buku la nkhondoyi pogwiritsa ntchito dzina lomweli. Ife a lero tikamva chiwaya timangoganiza za tchipisi, ndipo mwina apa mpamene pagona vuto langa la pachitunda paja. Pa nkhondo imeneyo dziko la Nyasaland, limene linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi. Anayenda wapansi m'nkhalango za German East Africa ndi Mozambique atasenza chakudya ndi zida za ena, ndipo ochuluka anathera komweko ndi njala ndi matenda. Amene anapulumuka anali ndi miyendo yolimba kuposa wothamanga aliyense wa lero, koma palibe akanafunira mwana wake kulimba kwa mtundu umenewo.

Ena ankathawa msonkho ndi umphawi polowera kummwera, wapansinso, kukafuna ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Ngakhale Kamuzu Banda, mwana wa kwa aneba athu ku Kasungu, mbiri yake imayamba ndi ulendo wapansi wopita ku Southern Rhodesia ali mnyamata. Kumeneko kunali mawu akuti chibaro, ndipo ku Mozambique chibalo, kutanthauza ntchito yokakamiza. Mwaona kumene mawuwa anakathera? M'sukulu zathu. Ukachedwa, chibalo: kumba dzenje, tchetcha udzu, zungulira bwalo kasanu. Tonsefe tinaphunzira tili aang'ono kuti kuthamanga ndi chilango cha wolakwa.

Ufulu sunasinthe zambiri pa nkhaniyi. Gulu la Malawi Young Pioneers linakhazikitsidwa mu 1963, ndipo apayoniya ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa pelete ndi masewera olimbitsa thupi. Sindikana kuti ankaphunzitsanso ulimi, ndipo alipo akuluakulu amene amawayamikira pa mwambo. Koma ndi yunifolomu yomweyo imene inkatsekereza anthu pamsika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, mpaka asilikali a boma anawalanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Mbadwo wa makolo athu unadziwa masewera olimbitsa thupi kudzera m'kamwa mwa munthu wokuwa.

Tsono musadabwe kuti kwathu kukhala pansi ndi chizindikiro cha kupambana. Mayi amene anakula akusinja, kutunga madzi kudambo ndi kupalira mizere kuyambira mbandakucha amalipira fizi ndi pemphero limodzi: mwana wangayu asadzavutike ngati ine. Ukabwera kumudzi utatuluka kamimba amati, "Mwanenepa, zikukuyenderani." M'zaka za m'ma 1990 Edzi inawonjezera mantha ena, kuonda kunasanduka chinthu chonong'onezana. Ndiye iwe wophunzira uvale kabudula n'kumathamanga pamsewu popanda wokuthamangitsa, dala kuti uonde? Bambo wa khasu uja sanalakwe kufunsa. Kwa iye ndinali munthu amene wapatsidwa machila n'kutsikamo.

Koma machila ali ndi mtengo wake, ndipo amene anayamba kuuwerengera bwino ndi dokotala wina wa ku Britain, Jerry Morris. Mu 1953 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pakati pa ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a ku London. Madalaivala, amene ankakhala pansi tsiku lonse, ankadwala ndi kufa ndi matenda a mtima kwambiri kuposa makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe akudula matikiti. Basi imodzi, msewu umodzi, matupi osiyana. Ndikakwera kabaza wa njinga yakapalasa kuchoka pageti kupita kumsika, mtunda woti ndikanayenda mphindi 15, ndimakumbukira kafukufuku ameneyu. Ine ndi wopalasayo tili pa njinga imodzi, koma amene akulipira kawiri ndine.

Si nkhani ya azungu okha. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Amalume anga, munthu woyamba kwathu kugwira ntchito ya mu ofesi, amene tonse tinkauzidwa kuti titengere chitsanzo chawo, anagwa ndi sitiroko asanakwanitse zaka 55. Lero dzanja lawo lamanja siligwira cholembera. Agogo, mayi awo owabereka, ndi amene amakawatungira madzi akapita kukawaona.

Kwa nthawi ndithu ndinkaganiza kuti mbiri yathu yangotisiyira zinthu ziwiri, thukuta la ukapolo ndi mpando wa bwana. Ndinkalakwitsa, ndipo yankho linali pabwalo la m'mudzi mwathu momwe.

Anthu amene anabwerera ku nkhondo ya Chiwaya anabwera ndi china chake kuwonjezera pa zipsera. Anali ataona pelete, mizere, malipenga ndi ng'oma za asilikali, ndipo anazisandutsa gule. Terence Ranger analemba za mbiri ya beni m'buku lake la mu 1975, mmene magule otsanzira asilikali anafalikira kuchoka kugombe la East Africa. Kwa Ayao kuli beni, kwa Atonga a ku Nkhata Bay kuli malipenga, ndipo kwathu ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu tili ndi mganda. Taganizani bwino zimene zinachitika apa. Pelete anali chida chophwanyira munthu kuti azimvera. Anthu a m'midzi anamutenga, kuchotsamo chikoti, kusiyamo mizere, zovala zoyera ndi mabadza, n'kumachita okha mwa kufuna kwawo, mpaka kumapikisana mudzi ndi mudzi. Amene anaonererapo mganda weniweni akudziwa kuti si masewera: kuwerama, kudzuka, kuponda motsatana ndi ng'oma kwinaku ukuuzira badza, fumbi lili koboo. Wopanda mpweya sangathe nyimbo ziwiri.

Malemu agogo aamuna ankavina mganda, ndipo nditafunsa agogo aakazi mmene gulu lawo linkakonzekerera, zimene anandiuza zinali ngati malangizo a mphunzitsi wa masewera. Ankayamba akakolola, ntchito ya kumunda itachepa. Ankakumana madzulo pamalo amodzimodzi. Wongoyamba kumene sankamuika kutsogolo, ankaima mzere wa kumbuyo n'kumaonera mapazi a anzake mpaka thupi litazolowera. Ukajomba anzako ankakulondola kunyumba, chifukwa mzere wokhala ndi mpata umaoneka. Ndipo kutsogolo kunkakhala tsiku lodziwika lokakumana ndi a mudzi wina, loti ukachita ulesi manyazi ake ndi a mudzi wonse.

Ine tsiku loyamba lija ndinaphwanya zonsezi. Ndinali ndekha, ndinadziika mzere wa kutsogolo, ndipo ndinalibe tsiku lachiwiri m'mutu. Ndinadzipatsa chibalo, ndipo chibalo munthu sachibwereza mwa kufuna kwake.

Mu Okutobala ndinatulutsa nsapato zija n'kuyambanso, ulendo uno mwa mganda. Ndinakopa anzanga atatu a pa hositelo, poti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tinagwirizana Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, 5 koloko m'mawa, pa mtengo wa pageti. Sabata ziwiri zoyamba sitinathamange n'komwe, tinkangoyenda mwandawala mphindi 30. Kenako mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, mobwerezabwereza. Lamulo lathu linali lakuti ngati sungathe kulankhula chiganizo chathunthu uku ukuthamanga, wafulumira, bwerera m'mbuyo. Wochedwa kudzuka timakamugogodera, ndipo mnzathu wina amene amagona ngati mwala anatipatsa kiyi wake. Malangizo a World Health Organization a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera osapanikiza kwambiri, ndiponso masiku awiri olimbitsa minofu. Ife tinayambira pa 90. Tinafika pa 150 patatha miyezi itatu, ndipo za minofuzo timangochita mapushapu pa kapinga tikamaliza, popanda jimu, popanda kulipira.

Si zonse zinayenda. Nthawi ya mayeso mu Disembala tinasiya sabata zitatu, ndipo mvula ya mu Januwale inatipatsa chifukwa chabwino chonamizira. Mmodzi mwa anayife anasiyiratu. Chimene chinatibweza enafe ndi chakuti panali wina woti akufunse. Ndinamva kuti parkrun, imene lero imasonkhanitsa anthu m'mayiko ambiri Loweruka lililonse kuthamanga makilomita 5, inayamba mu 2004 ku Bushy Park ku London ndi othamanga 13 okha. Nzeru yake ndi yomweyi ya tsiku lodziwika, malo odziwika ndi anthu okuyembekezera. Agogo aamuna akanaizindikira msanga, kungoti akanadandaula kuti ilibe ng'oma.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna tinamizane. Kulimba kwa agogo aakazi si chinthu choti tichisirire mwachibwana. Msana umawapweteka usiku uliwonse, ndipo chigayo chitabwera pafupi ndi nyumba sangadandaule. Amene timalemba pa Facebook kuti makolo athu anali athanzi chifukwa cha khasu nthawi zambiri sitinagwirepo khasu nyengo yathunthu. Iwo sanasankhe. Ife tili ndi mwayi wosankha thukuta lathu, mlingo wake ndi nthawi yake, ndipo m'banja mwathu mwayi umenewu wayambira pa amalume ndi ine. Chimene chikundidetsa nkhawa pano n'chakuti tikamaliza maphunziro gulu lathu libalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Blantyre, ndipo ndidzayenera kupeza ena ondigogodera pakhomo.

Pa Pasaka ndinapitanso kumudzi. M'mawa woyamba ndinathamanga pa msewu wafumbi wolowera ku Kongwe, ana asanu ali pambuyo panga osavala nsapato, akuseka, ndipo awiri anandipitirira. Masana agogo anati ufa watha. Thumba linali lomwe lija, zitunda zomwe zija. Ndinapumira kawiri, koma sindinatule mpaka pakhonde. Agogo anamasula thumbalo, kutapa ufa pang'ono n'kuufikisa ndi zala kuona ngati wagayika bwino, kenako anandiuza kuti nkhuni nazonso zatsala pang'ono kutha, ndipo zouma zili kuseri kwa phiri.