Za Bwalo la Chipepeso ndi Mlandu Umene Linausiya

Abale, ife a kuno ku Mzimba tidziwa bwino makhalidwe a milandu. Pa bwalo la Angoni munthu akalakwira mnzake, akulu sanali kumwazikana kufikira wolakwa atatchula ng'ombe kapena mbuzi imene adzapereka, ndipo wolakwiridwa ataiona ndi maso ake. Tsono tifuna kukamba za bwalo lina limene Boma linaika, ndi m'mene linamwazikira mlandu usanathe.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1964, pamene nduna zinasemphana ndi Dr. Banda. Mayi Rose Chibambo, wobadwira ku Kafukule m'boma lathu lomwe lino, anali m'gulu la ochotsedwa pa mipando, ndipo anathawira ku Zambia kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Kuyambira masiku amenewo munthu anatha kutsekeredwa ku Dzaleka kapena ku Mikuyu wosaweruzidwa konse. Mu 1966 kunabwera lamulo lolanda chuma, kotero kuti nyumba, sitolo ndi chigayo za munthu zinatha kupita ndi kalata imodzi. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawa dziko miyandamiyanda, nyumba zao zitatenthedwa. Ndipo mu 1989 aphunzitsi a chigawo cha Kumpoto analamulidwa kusiya sukulu za pakati ndi kum'mwera ndi kubwerera kwao. Akulu a ku Embangweni ndi a pa boma pa Mzimba akumbukira kufika kwao, ndi akatundu ao, ena atasiya akazi ndi ana kumene anakwatira.

Ulamuliro utasintha mu 1994, malamulo aakulu a dziko anakhazikitsa bwalo lochedwa National Compensation Tribunal, kuti limve madandaulo a onse amene anazunzika ndi Boma lakale, ndi kuwapepesa ndi ndalama. Ganizo limeneli linali labwino ndithu, ndipo tiyenera kuliyamikira. Nayenso Dr. Banda, mu January 1996, anatulutsa mau opepesa mtundu wonse.

Koma m'lamulo lomwelo munali mfundo ziwiri zimene anthu a kumudzi sanazizindikire msanga. Yoyamba inati milandu yotere isapite ku makhoti wamba, koma ku bwalo limeneli lokha. Yachiwiri inati bwaloli litsekedwe zisanapyole zaka 10. Taonani tsono: khomo limodzi analitseka pachiyambi, ndipo linalo analiikira tsiku lotsekera. Anthu zikwi zambiri analembetsa maina ao. Ndalama zimene Boma linali kupatsa bwaloli zinali zochepa, motero ambiri analandira kangachepe koyambira chabe, nauzidwa kuti zotsala zidza m'mbuyo. Enanso sanalandire kanthu. Chaka cha 2004 chitakwana bwalo linatsekedwa, makalata a madandaulo ali mulu.

Apa ndi pamene ife tiona cholakwa chachikulu. Kuchepa kwa ndalama tingakumvetse, pakuti dziko lathu ndi losauka. Koma kuitana nkhalamba kuti iulule pamaso pa alendo zamanyazi zimene inachitidwa m'ndende, kuilembetsa dzina, ndi kuibweza chimanjamanja, kumeneko ndiko kutosa chilonda chimene chinayamba kuuma. Makolo anati mlandu suola, ndipo sananene kuti uola pakapita zaka 10.

Odandaulawo sanakhale chete. Anatengera nkhani yao kwa Ombudsman, ndiye mkulu womva madandaulo a anthu pa zochita za Boma. Mu 2017 Mayi Martha Chizuma, amene anali pa mpando umenewo, anatulutsa lipoti lochedwa Malawi's Unhealed Wounds, kunena zilonda za Malawi zosapola. M'menemo anapeza kuti bwalo lija linatsekedwa ntchito yake isanathe, nalamula kuti Boma lipepese ndi kukambirana ndi odandaulawo za malipiro ao. Pamenepo nkuti zitapita zaka 13 chitsekere bwalo, ndipo ambiri mwa amene analembetsa maina anali atagona kale kumanda, makalata ao atatsala m'manja mwa ana ndi adzukulu.